Makampani athu "akhanda" apite ku sikelo

Chaka chilichonse, nduna ya zachuma isanakawerenge bajeti ku Nyumba ya Malamulo, pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu. Eni mafakitale sajomba, ndipo pempho lawo silisintha kwenikweni: kwezani msonkho pa katundu wakunja amene akupikisana ndi wathu, chotsani msonkho pa zipangizo zomwe ife timaitanitsa. Chifukwa chomwe amapereka nachonso n'chakale. Amati makampani athu ndi akhanda, sangalimbane ndi zimphona za ku South Africa, China ndi India popanda kuberekedwa kumsana.

Ine mfundo ya ukhandayi sindikuikana. Ndi mfundo yokhala ndi mbiri. Alexander Hamilton anaiikira kumbuyo ku America mu 1791, Friedrich List anailembera buku ku Germany mu 1841, ndipo mayiko ambiri omwe lero ali olemera anadutsa njira imeneyi. Koma mayi aliyense kwathu kuno amadziwa kuti khanda limapita ku sikelo. Mwezi ndi mwezi amalikoleka pa mbedza ija likulira, mlangizi wa zaumoyo n'kulemba kadontho pa khadi. Madontho akachuluka amapanga mzere, ndipo mzerewo ukasiya kukwera mayi amafunsidwa mafunso. Mabuku a bajeti amatiuza misonkho yomwe yakwera ndi yomwe yatsika chaka chimenecho. Satiuza kuti fakitale ya sopo, ya simenti kapena ya mafuta ophikira ikuyamwa zochuluka bwanji, yayamwa zaka zingati, ndipo yanenepa kapena ayi.

Chonsecho sikelo yake ilipo. Akatswiri a zachuma amaitcha effective rate of protection, ine pano ndiziti chitetezo chenicheni. Musaope. Ine ndimaphunzira mbiri yakale ndi filosofi, masamu tinatsanzikana pa Fomu 4, koma awa amakwana pachikuto cha kope.

Tiyerekeze nsapato, ndipo manambalawa ndawapeka dala kuti kuwerengera kuphweke. Peya ya nsapato yochokera kunja ikafika pa chipata cha Mwanza, msonkho usanaikidwe, mtengo wake ndi K10,000. Munthu wina ku Blantyre amapanga nsapato yofanana nayo, koma chikopa, soli, guluu ndi ulusi amaitanitsa kunja pa K7,000. Ndiye kuti pa K10,000 ija, ntchito yomwe ikuchitikadi pa fakitale yake ndi ya K3,000. M'menemu ndi momwe mumachokera malipiro a antchito, lendi, kukonzetsa makina ndi phindu la mwini wake. Ndalama imeneyi tiitche gawo la fakitale.

Tsopano boma laika msonkho wa 25 peresenti pa nsapato zakunja, koma zipangizo zija zikulowa ulere. Nsapato yakunja yafika pa K12,500, ndipo wa ku Blantyre uja atha kukweza yake kufika pomwepo makasitomala osamuthawa. Zipangizo akugulabe pa K7,000. Gawo lake lachoka pa K3,000 kufika pa K5,500. Lakwera ndi K2,500, komwe ndi kukwera ndi 83 peresenti. Buku la misonkho likuti 25, koma chomwe chafika pa fakitale ndi 83.

Boma likati zipangizo nazo zilipire 10 peresenti, ndiye kuti zafika pa K7,700, gawo la fakitale latsikira pa K4,800, ndipo chitetezo chenicheni ndi 60 peresenti. Msonkho wa pa nsapato sunasinthe ngakhale pang'ono, koma mwini fakitale wamva kuwawa. N'chifukwa chake amalonda akapita ku Capital Hill amakambirana mbali ziwiri zonse, ya katundu womalizidwa ndi ya zipangizo, pamene ife ogula timangomva nambala imodzi pa wailesi.

Tengani wachiwiri, amene amaitanitsa nsapato yosokedwa kale, iye n'kungomata soli ndi kuika m'katoni yolembedwa kuti yapangidwa ku Malawi. Zoitanitsa zake ndi za K9,000, gawo lake ndi K1,000 yokha. Msonkho womwe uja wa 25 peresenti umukwezera gawo lake kufika pa K3,500. Chitetezo chake ndi 250 peresenti. Taonani zimenezo: msonkho umodzi womwewo, koma amene akugwira ntchito yochepa kwambiri pano ndiye akutetezedwa kwambiri. Munthu wochenjera akaona masamu awa sangavutike kumanga malo ofufutira zikopa za ng'ombe za ku Chikwawa. Adzagula guluu ndi makatoni. Ndipo pali ena oposa apa, omwe zidutswa zawo zimadya ndalama zakunja zochuluka kuposa mtengo wa chinthu chomalizidwacho chikanangoitanitsidwa chathunthu. Kampani yotere imapanga phindu m'makwacha pamene dziko likutaya madola pa chinthu chilichonse chotuluka pa geti. Si nthano: ofufuza anapeza mafakitale otere ku Pakistan m'zaka za m'ma 1960. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Wachitatu ndi amene amagulitsa nsapato zake kunja. Iye msonkho wathu sumuthandiza kanthu, chifukwa wogula wa ku Lusaka kapena ku London sadzalipira zoposa K10,000. Koma ngati zipangizo zake zalipira 10 peresenti, gawo lake latsika kuchoka pa K3,000 kufika pa K2,300. Chitetezo chake chapita kunsi kwa ziro ndi 23 peresenti, kutanthauza kuti tamulanga. Apa m'malo mwa nsapato ikanipo fodya, tiyi, soya kapena mtedza. Mlimi amagulitsa pa mtengo wa msika wa dziko lonse, koma malata, sopo, shuga ndi nsapato za ana amagula pa mtengo wotetezedwa. Chitetezo cha mnzake wa mutauni chimachokera m'thumba mwake, ndipo palibe lisiti yomwe amapatsidwa.

Manambala anga a 0, 10 ndi 25 sindinawatole m'tchire. Ndi momwe bungwe la COMESA linakonzera msonkho wake wa pamodzi: ziro pa zipangizo zosakonzedwa ndi makina, 10 peresenti pa zokonzedwa pang'ono, 25 peresenti pa katundu womalizidwa. Misonkho ya mayiko ambiri a m'chigawo chino imakwera masitepe motero. Ndiye aliyense wokuuzani kuti fakitale yake imangotetezedwa ndi 25 peresenti, mufunseni kaye kuti pa K100 iliyonse ya katundu wake, ndi zingati zomwe zimapangidwira pano.

Nzeru imeneyi si yakale kwambiri. Clarence Barber wa ku Canada anaitchula mu 1955. Bela Balassa mu 1965 anaigwiritsa ntchito poyeza misonkho ya America, Britain, Japan, Sweden ndi mayiko a Common Market, ndipo anaonetsa kuti pa katundu wambiri chitetezo chenicheni chinali chokwera kuposa cholembedwa m'mabuku. Izi zinafotokoza chinthu chomwe mayiko osauka ankachimva m'mafupa: khofi kapena koko wosakonzedwa ankalowa ku Ulaya mosavuta, koma ukangoyesa kukazinga khofiyo kapena kupanga chokoleti, khoma limakwera. Kenako mu 1966 Max Corden anaiyala mfundo yonse mwadongosolo. Corden anabadwira ku Breslau mu 1927, anafika ku Australia ali mnyamata banja lake likuthawa ulamuliro wa Hitler, ndipo anamwalira mu 2023. Dziko lomwe linamulandiralo ndi lomwe linatenga sikelo imeneyi n'kuiika pa ntchito kwa zaka zoposa 50, ndipo ndi nkhani ya kumeneko yomwe inandichititsa kulemba izi.

Ambirife timadziwa Australia ngati dziko lolemera la migodi, nkhosa ndi masikolashipu. Sitidziwa kuti mpaka zaka za m'ma 1970 linali limodzi mwa mayiko olemera okhala ndi mpanda wautali kwambiri wa misonkho. Kuyambira 1921 kunali bungwe lotchedwa Tariff Board, ndipo ntchito yake kwa zaka zambiri inali yomvera madandaulo. Kampani imabwera n'kunena kuti katundu wakunja watchipa kwambiri, bungwe limawerengera kusiyana kwa mitengo, n'kulangiza boma kuti liike msonkho wotseka mpatawo. Suti yosokedwa poyeza thupi la wopemphayo. Amene sankapempha sankapatsidwa, ndipo palibe ankayang'ana chithunzi chonse. Mtsogoleri wa Country Party, John McEwen, amene anakhala nduna ya zamalonda zaka zambiri, ankakhulupirira dongosolo limeneli ndi mtima wonse.

Zinthu zinayamba kusintha pamene Alf Rattigan anakhala wapampando wa bungweli mu 1963. Iye sanali wophunzitsa pa yunivesite, anali wogwira ntchito m'boma amene anthu ankaganiza kuti adzamvera nduna yake. Koma pansi pa iye bungwe linayamba kuwerengera chitetezo chenicheni cha mafakitale onse, kuwaika m'magulu a otetezedwa pang'ono, pakatikati ndi kwambiri, ndi kusindikiza zotsatira kuti aliyense aone. Zinapezeka kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mafakitale a dzikolo pa avereji ankatetezedwa ndi pafupifupi 35 peresenti, ena mochepa, ena mowirikiza kangapo. McEwen ndi eni mafakitale sanakondwe nazo. Koma alimi a nkhosa ndi tirigu, omwe ankagulitsa kunja, anapeza nambala yoloza ululu womwe ankaumva kale. Mmodzi wa iwo, Bert Kelly, mlimi wa ku South Australia amenenso anali phungu wa Nyumba ya Malamulo, anatha zaka akulemba m'nyuzipepala mwanthabwala za mtengo womwe anthu wamba ankalipira chifukwa cha misonkho.

Mu Julayi 1973 boma la Gough Whitlam linadula misonkho yonse ndi 25 peresenti tsiku limodzi. Chaka chotsatira Tariff Board inasanduka Industries Assistance Commission, yokhala ndi udindo woyeza thandizo lililonse lomwe boma limapereka ku makampani, kaya ndi msonkho, sabuside kapena chiletso. Mu 1990 inakhala Industry Commission, ndipo kuyambira 1998 ndi Productivity Commission. Mayina anasintha, koma khadi la sikelo linapitirira, chaka ndi chaka. Pofika zaka za m'ma 2000 avereji ija inali itatsika kufika cha m'ma 5 peresenti.

Wina atha kuiwerenga nkhaniyi ngati mzere wowongoka wochoka pa 35 kufika pa 5. Sizinali choncho, ndipo apa ndi pomwe kuyeza kwa zaka zambiri kumaposa kuyeza kamodzi. Misonkho itangodulidwa mu 1973, chuma cha dziko lonse lapansi chinagwedezeka ndi kukwera kwa mtengo wa mafuta, ulova unakula, ndipo andale anachita mantha. Posafuna kuoneka ngati abwerera m'mbuyo pa misonkho, anagwiritsa ntchito khomo lakuseri: anaika malire a kuchuluka kwa magalimoto, nsalu, zovala ndi nsapato zololedwa kulowa m'dziko. Pa magalimoto anakonza zoti magawo 80 pa 100 alionse a msika akhale a opanga m'dzikomo. Malire otere saoneka ngati peresenti m'buku la misonkho. Avereji ya mafakitale onse inkaoneka kuti yatsika, koma bungwe lija linkayeza fakitale iliyonse payokha, ndipo linaonetsa kuti pofika m'ma 1980 chitetezo chenicheni cha magalimoto, zovala ndi nsapato chinali chitadutsa 100 peresenti. Ana amene anayamwa nthawi yaitali kwambiri ndi omwe ankafuna mkaka wochuluka chaka chilichonse. Popanda mzere wa zaka zotsatizana, palibe akanaona zimenezi, chifukwa chaka chilichonse pachokha pempho lawo linkamveka lanzeru.

Ndi manambala amenewa omwe anapatsa boma la Bob Hawke ndi Paul Keating poyambira. Pulani ya magalimoto ya nduna John Button, kenako zilengezo za 1988 ndi 1991, zinatsitsa misonkho pang'onopang'ono pa ndandanda yodziwika kale. Msonkho wa pa galimoto unachoka pa 57.5 peresenti m'ma 1980 kufika pa 15 peresenti mu 2000, kenako 5 peresenti mu 2010. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti anachita izi ndi chipani cha Labor, chipani cha mabungwe a antchito. Nsapato ya mwana wasukulu ikakwera mtengo kawiri, amene amamva kuwawa kwambiri ndi wolandira malipiro ochepa, ndipo manambala ankaonetsa zimenezi poyera.

Sindikufuna kukunamizani kuti nkhaniyi inathera pa chikondwerero. Ford inatseka mafakitale ake ku Australia mu 2016, Toyota ndi Holden mu Okutobala 2017, ndipo kuyambira pamenepo dzikolo silipanganso magalimoto ambirimbiri a anthu wamba. Tauni ya Elizabeth, kumpoto kwa Adelaide, inakula mozungulira fakitale ya Holden, ndipo panali mabanja omwe agogo, bambo ndi mwana onse anagwirapo ntchito pamenepo. Peresenti siyeza chomwe munthu wa zaka 50 amamva akauzidwa kuti luso lake silikufunikanso. Ife a maphunziro a za anthu timakonda kunena zimenezi, ndipo n'zoona. Koma timakonda kuzinena ngati chifukwa chokanira kuwerengera, zomwe ndi ulesi chabe. Anthu a ku Australia anatha kukangana poyera ngati kusunga ntchito za ku Elizabeth kunali koyenera mtengo wake chifukwa mtengowo unali wolembedwa. Ena anati n'koyenera, ena anati ayi, koma onse ankatsutsana pa nambala imodzi.

Ndikudziwa chomwe anzanga ena akuganiza, makamaka aja timakangana nawo ku kafeteriya. Adzati sikelo imeneyi ndi chida cha okonda msika waufulu, kuti Balassa mwiniwakeyo ankagwira ntchito ndi World Bank, ndipo ife tinalawa kale mankhwala awo. Pamenepa ali ndi mfundo. Kuyambira 1981 Malawi analowa m'mapologalamu osintha chuma a World Bank ndi IMF, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zipata zinayamba kutseguka, ndipo mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti iziyandama. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, yomwe inalemba anthu masauzande, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003, ndipo lero ambirife timavala kaunjika. Australia inali ndi migodi ya chitsulo ndi malasha, komanso ndalama zothandizira anthu osowa ntchito. Wochotsedwa ntchito ku Makata anabwerera kumudzi ndi chikwama. Adzawonjezeranso Ha-Joon Chang, amene m'buku lake la 2002, Kicking Away the Ladder, anaonetsa kuti mayiko olemera anakwera pogwiritsa ntchito makwerero omwewo amene lero akutiletsa.

Ndikuvomereza zonsezi, koma sizikugwetsa mfundo yanga. Zikuilimbitsa. Dziko lomwe okonda chitetezo amalitchula kwambiri ndi South Korea, ndipo Korea sinateteze makampani ake m'chimbulimbuli. Alice Amsden, m'buku lake la 1989 lonena za dzikolo, anafotokoza kuti boma linkapereka ngongole zotchipa ndi msika wotetezedwa posinthana ndi zotsatira, makamaka kugulitsa kunja. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960, Park Chung Hee ankakhala yekha pampando pa misonkhano ya mwezi ndi mwezi younika malonda akunja, pamaso pa nduna ndi eni makampani. Wolephera ankataya mwayi. Imeneyo ndi sikelo, ndipo yankhanza kuposa ya ku Australia. Amene amafuna misonkho yonse ichoke safunika kuyeza kanthu, yankho lake analipeza kale. Amene amafunikadi sikelo ndi iye wofuna kuteteza mwanzeru, chifukwa ayenera kusankha woti amuteteze, mochuluka bwanji, mpaka liti. Masomphenya a Malawi 2063 aika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zitatu. Ngati tikunenadi zoona, ndiye kuti tasankha njira yomwe imafuna kuyeza kwambiri.

Kuyeza kwa kuno sikungakhale kongokopera masamu anga a nsapato aja, chifukwa buku la misonkho limangonena gawo lochepa la nkhani yathu. Choyamba, ndife dziko lopanda doko. Katundu akamachoka ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban amakhala atakwera kale mtengo, ndipo pa zinthu zolemera ngati simenti mtunda wokhawo ndi mpanda. Mtunda womwewo umalanga wogulitsa kunja. Chachiwiri, katundu wambiri wochokera m'mayiko a SADC ndi COMESA amalowa pa msonkho wotsika kapena ulere, ndiye 25 peresenti ya m'buku siikhudza mpikisano weniweni wa fakitale zambiri. AfCFTA, yomwe Malawi anaivomereza mu 2021, idzakulitsa zimenezi. Palinso njira zachidule za m'malire, za njinga ndi matola a usiku ku Mchinji, Dedza, Muloza ndi Songwe, zomwe zimaboola mpanda uliwonse wokwera mopitirira. Pa zinthu zina chitetezo cholembedwa ndi chachikulu koma chenicheni n'chochepa, ndipo mwini fakitale amene akudandaula akunena zoona. Sikelo yabwino idzamuikira umboni iyeyo.

Kenako pali ziletso. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa katundu wosiyanasiyana, kuphatikizapo ufa wa chimanga, mpunga, machesi, madzi a m'mabotolo ndi timitengo totokosera m'mano. Mwezi wotsatira Tanzania inabwezera potseka malire ake ku zokolola zathu, mpaka mayiko awiriwa anakambirana. Chiletso ndi chimodzimodzi malire aja a ku Australia: chilibe peresenti yolembedwa, koma chili ndi mtengo, ndipo njira yokha youpezera ndi kuyerekeza mtengo wa mpunga pa msika wa Lilongwe ndi mtengo womwe mpunga wakunja ukanafikira pamenepo. Mwina mlimi wa mpunga wa ku Karonga anapindula ndipo n'zoyenera. Mwina anapindula ndi wamalonda wapakati amene anagula kale zokolola pa mtengo wotsika. Mayankho awiriwa amafuna mfundo zosiyana, ndipo kukonda dziko kokha sikungatiuze kuti loona ndi liti.

Chachikulu kuposa zonse, m'maganizo anga, ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komabe mtengo wa dola ku banki ndi wa pa msika wamseri zinapitiriza kutalikirana. Zikatero, amene wapeza dola ku banki n'kuitanitsa zipangizo, pamene wopikisana naye akugula dola kwa mavenda, walandira sabuside yoposa msonkho uliwonse wa m'buku. Ndipo wogulitsa kunja amene akusintha madola ake pa mtengo wa banki, koma zogula zake zonse zili pa mtengo wa msika wamseri, akulipira msonkho womwe Nyumba ya Malamulo sinavotere. Kuwerengera chitetezo chenicheni cha zaka zimenezi osaikamo nkhani ya dola kungakhale kuyeza mwana atavala jekete la bambo ake.

Zonsezi zikutanthauza kuti ntchitoyo ndi yovuta. Sizikutanthauza kuti n'zosatheka. Zipangizo zake zilipo kale m'maofesi a boma. MRA imalemba pa kompyuta katundu aliyense wodutsa pa chipata, mtengo wake, komwe wachokera ndi msonkho womwe walipiradi, kuphatikizapo zomwe zakhululukidwa kudzera mu ndondomeko yochotsera mafakitale msonkho wa zipangizo. National Statistical Office ku Zomba imafunsa makampani za zomwe amagula ndi kugulitsa, komanso imatolera mitengo ya m'misika mwezi uliwonse. Chosowa ndi munthu wopatsidwa udindo wophatikiza zinthu ziwirizi chaka chilichonse, ndi lamulo lomukakamiza kusindikiza zomwe wapeza ngakhale nduna itakwiya. Phunziro la Rattigan ndi limeneli: woyeza asakhale yemweyo wopereka mkaka. Unduna wa zamalonda umakumana ndi eni mafakitale kawirikawiri, ndipo n'chibadwa kuti uzimva kulira kwawo kuposa kwa mayi wogula sopo ku Ntchisi, amene sadzabwera ku msonkhano wa bajeti ku hotela. Kaya ntchitoyi ipite ku National Planning Commission, ku ofesi ya bajeti ya Nyumba ya Malamulo kapena ku gulu la mayunivesite, ine zilibe kanthu, bola woyezayo asachotsedwe ntchito chifukwa cha nambala.

Chomwe ndikupempha ndi tsamba limodzi m'mabuku a bajeti. Mizere yake ikhale mafakitale: shuga, simenti, mafuta ophikira, sopo, ufa wa tirigu, nkhuku, zakumwa, mapulasitiki, nsalu, ndipo pansi pake fodya, tiyi ndi nyemba zogulitsa kunja, kuti olipira aoneke pa tsamba limodzi ndi olandira. Pa mzere uliwonse pakhale msonkho wa m'buku, chitetezo chenicheni, chiwerengero cha antchito, gawo la zipangizo zogulidwa kwa alimi ndi makampani a m'dziko muno, ndi ndalama zakunja zomwe fakitaleyo yabweretsa. Kampani yoyenga mafuta kuchokera ku soya ndi mpendadzuwa wa alimi a ku Kasungu ndi Mchinji idzaoneka yosiyana ndi yongoitanitsa mafuta osayenga n'kuwathira m'zigubu, ngakhale lero zonse ziwiri zimabisala pansi pa mawu amodzi oti tigule za ku Malawi. Chaka choyamba tsambali silidzanena zambiri. Chaka chachisanu lidzayamba kuonetsa mzere, ndipo phungu wa komiti ya bajeti adzatha kufunsa mkulu wa kampani kuti: bwana, chitetezo chanu chakwera kawiri pa zaka zisanu, antchito anu sanachuluke, simunagulitse kunja ngakhale katoni imodzi, tikupatseni chifukwa chiyani chaka chachisanu ndi chimodzi?

Boma likachedwa, anzanga a ekonomikisi amene mukusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza mutha kuyamba ndi fakitale imodzi. Mafuta ophikira ndi poyambira pabwino: zipangizo zake ndi zochepa, mitengo ya soya ndi ya mafuta pa msika wa dziko lonse imasindikizidwa mwezi uliwonse, mitengo ya m'magolosale aliyense amaidziwa, ndipo malamulo a msonkho pa mafutawa asinthasintha m'zaka zapitazi mokwanira kuti mzerewo ukhale ndi zokhota zofuna kufotokoza. Wa chaka chamawa adzatenge simenti, winayo shuga, ndipo aliyense asiye mafayilo ake ku dipatimenti kuti womutsatira adzangowonjezera chaka chimodzi pamwamba.